Msana wa Nkhumba mu Poto wa Jessie

Fabiano atapha nkhumba Loweruka, anthu a pa Sharpevale anaigula pafupifupi yonse dzuwa lisanapendeke. Koma mkazi wake, Jessie, anali atabisa kale nthuli yaitali ya pamsana m'beseni, kuseri kwa matumba a mpunga.

"Iyi ndiwotcha yathunthu mawa," anatero. "Paja abambo akubwera kuchokera ku Kandeu."

Fabiano anaseka. "Amake Chiso, nyama yaikulu chonchi ipsa kunja kokha. Iduleniduleni monga achitira anthu onse."

Jessie anangovundikira beseni lija. Mchemwali wake wa ku Lilongwe anali atamufotokozera zonse pafoni, ngakhale kuti iyeyo amawotchera mu uvuni wamagetsi. Jessie anali ndi mbaula ndi poto wachitsulo basi.

Lamulungu atabwerako kutchalitchi, anachekacheka chikopa cha nyamayo, n'kuipaka mchere, adyo wosinja, tsabola ndi madzi a mandimu. Anaigoneka mu poto pamwamba pa anyezi ndi kachewere, navundikira ndi lata. Makala ena anaika pansi, ena pamwamba, monga amachitira pophika chigumu. Fabiano ankangozungulira pamenepo. Atayesa kutukula latalo, Jessie anamugogoda dzanja ndi chipande.

A Maliro, bambo ake a Fabiano, anafika masana pa njinga yamoto. Anali munthu wokalamba amene anagwirapo ntchito kumigodi ya ku Joni. Anawapatsa mpando m'nyumba, koma iwo anaunyamula n'kukakhala pafupi ndi mbaula.

"Fungo ili ndikulidziwa," anatero. "Pa Khirisimasi linkachokera kunyumba za mabwana, ife tikudutsa kumpanda. Sindinalawepo."

Jessie anagwada n'kuwapatsa moni, koma maganizo ake anali pa nyama ija. Bwanji ikakhala yaiwisi mkati? Anawonjezera makala pang'ono, nadikirabe mpaka a Maliro anayamba kuwodzera.

Atavundukula, chikopa chinali chitafiira, mafuta akuwira pansi pa kachewere. A Maliro anapempha mpeni kuti acheke okha. Mkati munali moyera, mofewa, msuzi ukuchucha. Anatafuna kanthuli koyamba atatsinzina, kenako n'kumeza.

"Mpongozi, mwandichedwetsa nazo zaka zambiri izi."

Fabiano anakhosomola. "Nzerutu imeneyi ndinamupatsa ndine, bambo."

"Chabwino kwambiri," anatero a Maliro akudulanso ina. "Ndiye Lamulungu likubwerali ubwere ku Kandeu udzawotchere amayi ako. Mkazi wako apumuleko."

Jessie anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka ndi phwete.

Mlendo atapita, Fabiano anapeza Jessie akutsuka mbale kuseri kwa khitchini. Anakhala pa mtondo, nakanda m'mutu.

"Amake Chiso, adyo uja munaika wochuluka bwanji?"

"Yambani mwatsuka potoyo," anatero Jessie akumupatsa sopo. "Phunziro limayambira pamenepo."