Mabenchi Obwereka

Titamva kuti kukubwera alendo odzaona zipatala zofunika thandizo la ndalama, a sisitala athu aakulu anatekeseka. "Mlendo salandiridwa m'nyumba yosasesa," anatero. "Mukufuna tichite manyazi?"

Tinapaka laimu makoma onse mpaka ming'alu inabisika. Kudenga kodontha kuja tinatchingako nsalu. Mabenchi, makatani ndi sikelo ya ana ndinakabwereka ndine kuchipatala choyandikana nafe, kumene alamu anga amagwira ntchito.

Alendo anafika, anazungulira paliponse akugwedeza mitu. Wamkulu wawo anagwira a sisitala chanza. "Mayi, inu ndiye chitsanzo. Ena akanamasamala chonchi!" A sisitala anamwetulira, mano onse pamtunda.

Patapita mwezi, alamu anandiimbira foni akuseka chikhakhali. "Alamu, mabenchi aja musavutike kubweza. Alendo anu aja atachoka kwanuko anadzera kuno. Anapeza odwala atakhala pansi, ana tikuwayeza ndi maso. Akutimangira chipatala chatsopano!"

Mvula itayamba, a sisitala anandituma kuti ndikabwerekenso ndowa zotchera madzi a kudenga. Ndinawauza kuti apite okha, akapatsidwenso chanza.