Ng'oma Yogona ya aZebron

Magdalene anali atakwera pa mtondo, manja ali m'denga kumasula chingwe cha ng'oma, pamene aWilbroad anatsokomola pakhomo.

"Tsika, mwana iwe. Atate ako tawaika dzana, lero wayamba kale kugwira zinthu zawo?"

"Atate aang'ono, ndikungobwereka. Pa Satade ndibweza."

"Sitinamete maliro. Mpaka Remmy afike, ng'omayo ikhala pomwepo."

Remmy, mlongo wake wa Magdalene, anali wolondera nyama kumsasa wa ku Malama, ndipo uthenga unapita wapansi. Akanafika mawa, akanafika sabata yamawa, ndani akanadziwa? Koma chikondwerero cha ufulu sichikanadikira munthu. Magulu a chimtali a ku Kakumbi, Chinzombo ndi Malama anali oti akapikisane pabwalo la sukulu, ndipo opambana akakwera lole kukavina ku boma. Magdalene ndiye ankatsogolera nyimbo za amayi a ku Kakumbi, ndipo loleyo anali atayilota chilimwe chonse.

Anayang'ana amayi ake kuti amulankhulireko. Amayiwo anangoti zyoli pamphasa, osatukula ngakhale chikope.

"Kuyimba ukhoza kukayimba," anatero aWilbroad, ngati akumupatsa mphatso. "Koma phazi lako lisanyamuke pansi. Wamasiye savina."

Magdalene anatsika mtima uli phuliphuli. Kunena zoona, anali wokwiya ndi atate ake omwe. AZebron anali katswiri pa ng'oma, zimenezo palibe ankatsutsa, koma anali ndi kachizolowezi konyansa. Nyimbo zoyamba ankaziomba mpaka fumbi koboo, koma ikafika ya "Mwezi wawala," manja awo ankalemera ngati adya gaga wosapsa. Chaka chatha a ku Chinzombo anatenga loleyo chifukwa cha zomwezo, ndipo anachoka akuseka kuti ng'oma ya ku Kakumbi imagona masana. Magdalene atawafunsa, iwo anangoti, "Yakwana choncho," n'kupitiriza kumata phula pachikopa. Tsopano anapita osaphunzitsa aliyense, ndipo ng'oma yawo inali lende m'denga ngati dzungu la mbewu.

Poti fodya wako ndi amene ali pamphuno, Magdalene anayenda mpaka ku Chinzombo kukapempha Benwell, amene ankaperekera chakudya kumsasa wa alendo oona nyama. Benwell anali ndi ng'oma yakeyake, komanso anali atakangana ndi gulu la kwawo, choncho sanavute.

Lachisanu masana anayeserera pansi pa mtengo wa mango. Manja a mnyamatayo anali moto. Amayi anazungulira, ziuno zikumvera, ndipo Magdalene anamva kukoma koyamba chimwalirire atate ake. Kenaka anayambitsa "Mwezi wawala," nyimbo imene aliyense amalowa pakati payekha. Analowa Judith, n'kutuluka. Analowa Martina. Itafika nthawi ya aFelister, ng'oma inawasiya m'mbuyo.

AFelister anali mayi wachikulire amene ng'ona inamutafuna mwendo padooko Magdalene asanabadwe. Ankakoka phazi lamanzere, koma chimtali sankaphonya. Tsikulo anayesa kuthamangira ng'oma, anadzandira, n'kugwira phewa la Judith. Anaseka okha mwamanyazi, n'kukakhala pamuzu.

"Asisi, ngati mufuna lole, amayi awo akhale oombera m'manja," anatero Benwell. "Ine sindingaombe ziwiri, yothamanga ndi yokwawa."

"Akunena zoona mwanayu," anatero aFelister akupukuta thukuta. "Ine ndimayesa mwendowu unachira. Zaka zonsezi sunandivutepo m'bwalo. Kaya lero walowa chiyani."

Magdalene anayang'ana phazi lokwekwereka lija, ndipo anakumbukira mmene atate ake ankaimira poomba, khosi lopendekera kumanzere, maso pansi. Iye ankayesa n'kutopa kwa ukalamba. Tsopano anazindikira chimene maso awo ankatsata, ndipo anathetsa zoyeserera dzuwa likadali pamwamba.

Pa Satade bwalo linadzaza. Ana a sukulu ananyamula timbendera tatsopano, aphunzitsi atatu oweruza anakhala pa benchi, ndipo lole ija inaima pamthunzi ngati mkwati. AWilbroad anabwera nawo, osati kudzaonerera, koma kudzalondera phazi la Magdalene. Remmy anali asanafikebe.

A ku Chinzombo anavina bwino, a ku Malama anavina mwa apo ndi apo. A ku Kakumbi atalowa, Benwell anaomba ngati akulipsira kwawo, ndipo nthungululu zinamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje. Mmodzi wa oweruza anayamba kugwedeza mutu. Magdalene, duku lakuda kumutu, anaima pambali pa ng'oma, mapazi ali nji, lole akuyiona ndi ngodya ya diso.

Anayambitsa "Mwezi wawala." Judith analowa, Martina analowa. AFelister anali kunja kwa bwalo, akuomba m'manja pamodzi ndi ana, atavala chitenje chawo chovinira chimene anachichapa dzulo lake.

"AFelister," anaitana Magdalene pakati pa nyimbo. "Bwalo ndi lanu."

"Asisi, tiluza," ananong'ona Benwell, manja osaleka.

"Ndikudziwa."

Anaika dzanja lake pamkono wa mnyamatayo, n'kulemeretsa pang'onopang'ono mpaka ng'oma inagona. Kumbali ya Chinzombo kunamveka kuseka. Magdalene sanacheuke. Anapendeketsa khosi kumanzere, maso pansi, n'kudikira phazi la aFelister kuti lifike.