Sadaka ya Boudjemaa

Boudjemaa anadikira mpaka dzuwa litafika paliwombo, nthawi imene m'tauni ya Reggane ngakhale mbuzi zimabisala, kenako anayamba kumasula bedi. Linali la mapaipi amene malemu bambo ake anatola kuchipululu, kumene Afalansa anaphulitsira bomba lawo la nyukiliya n'kuchoka osasesa. Ana ake asanu anabadwira pabedi limenelo. Awiri anali kumanda.

Mawa lake kunkabwera anthu ochokera ku Algiers ndi kamakina kamene kamalira kakamva poizoni wa bombalo. Nyumba imene kaliramo ankaipaka utoto wofiira pakhomo. Ndipo Hadja Zineb, mayi wa mnyamata wodzakwatira Mebarka, chitsirizira cha Boudjemaa, anali atanena kale pamaso pa azimayi anzake kuti, "Mtsikana wa m'nyumba yopakidwa, ine ayi. Ndikufuna zidzukulu za zala khumi." Ukwati unali utatsala masiku asanu ndi anayi.

Kukataya bedilo kutali kunkafunika ngolo, ndipo mwini ngolo pakamwa pake sipankatsekeka. Kulikwirira pabwalo, anthu ankati kamakinako kamamva ndi za pansi pa mchenga. Panatsala khomo loyandikana ndi lake, la Fatna, mayi wamasiye amene ankagona pamphasa ndi mwana wake Yamina, namwali wosatomeredwa.

"A Hadji, dzuwa lonseli? Mukufuna kupsa ngati buledi?" anatero Fatna potsegula, atamuona Boudjemaa atasenza mapaipi.

"Ndilowetseni msanga, mayi a Yamina. Ndagula bedi lina. Ili ndati muzigonapo inu ndi mwanayu."

Fatna anasisita chitsulocho ndi manja onse awiri, akuseka. "Ine chibadwire sindinagonepo m'mwamba. Ndikagwa mudzanditola ndinu?"

"Simugwa. Komatu iyi ndi sadaka. Mukudziwa nokha kuti mwini sadaka akatchulidwa, mphotho yake kwa Mulungu imatha. Lumbirani kuti simuuza munthu."

Mayiyo anaika dzanja pa Korani n'kulumbira. Kenako anamupsompsona paphewa. "Kupatsa n'kuika, a Hadji."

Boudjemaa anamanga bedilo osadzutsa mutu.

M'mawa kunabwera Lyes, mnyamata wa magalasi wochokera ku Algiers, atanyamula kamakina kaja. M'nyumba ya Boudjemaa kanangoti tee, tee, ngati kali ndi tulo.

"Muli bwino, bambo. Ndamva kuli ukwati. Mundisungireko nthiti za nkhosa."

Kwa Fatna kanayamba kulira asanalowe n'kuchipinda komwe. Atakayandikiza pabedi, kanalira ngati nkhululu zana. Anthu anadzaza pakhomo, Hadja Zineb ali kutsogolo.

"Mayi, bedi ili munalitenga kuti?" anafunsa Lyes.

Maso a Fatna anayenda pankhope za anthuwo mpaka anapeza Boudjemaa. Anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati munthu amene akuwerenga kalata yomwe poyamba anaigwira chozondoka. Boudjemaa anamva mawu akukwera kukhosi kwake. Anali ochepa, okwanira mpweya umodzi. Anawameza, n'kuyamba kusuntha mikanda yake yopempherera.

"Ndi la malemu amuna anga," anatero Fatna.

"Anamwalira liti?"

Apa mayiyo anazindikira kumene bodza lake lamufikitsa, koma pobwerera panalibe. "Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo."

"Ndiye mtsikanayu wakulira pomwepa." Lyes analemba m'buku lake. "Pepani, mayi. Mulitulutse panja, galimoto idzalitenga ikadzapezeka."

"Ikadzapezeka!" wina anaseka. "Tikuidikira chichokereni Afalansa."

Hadja Zineb anayang'ana Yamina kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwana wokongola chonchi, kumakhala ngati chipatso cha kanjedza cha mphutsi m'kati. Ndani angam'tengenso?" Kenako anatembenukira kwa Boudjemaa. "Inu a Hadji, Mulungu amakukondani. Khoma limodzi lokha ndi limene lakulekanitsani ndi tsokali."

Utoto unapakidwa. Anthu anabalalika, aliyense akulambalala khomolo.

Chakumadzulo azimayi anasonkhana kwa Boudjemaa kudzapota kusikusi, chakudya cha ufa wa tirigu chodzadya paukwati, akuimba motsitsa pochitira ulemu tsoka la mnzawo. Iye anakhala pamphasa, msana atatsamiritsa kukhoma. Kuseri kwake ankamva chitsulo chikukwekwereka pansi, kuima, n'kuyambanso. Fatna ndi Yamina ankalikoka okha, poti panalibe wofuna kulikhudza.

Boudjemaa anasuzumira kubwalo kumene kunali azimayiwo.

"Kwezani mawu, azimayi inu. Ukwati wanji wa manong'onong'o?"

Anakweza, ndipo wina anatenga ng'oma.