Matumba Asanu ndi Limodzi a Dothi

Tsiku lomaliza limene Pulofesa anawaona bambo ake ali moyo, anali akumangirira chitsulo chokumbira dothi kumbuyo kwa njinga. Dzina la Pulofesalo anamupatsa ndi iwowo, iye atasiyira koleji panjira.

"Tiye ukandilembere, Pulofesa. Magalasi anga aja anasweka."

"Ine ndatopa."

"Watopa ndi chiyani, kugona?" Anaseka, n'kupalasa njinga.

Madzulo ake anthu anawapeza atagwa m'mbali mwa msewu, mtima utaima. Katundu anali chimangire panjingapo.

Bambowo ankakumbira dothi bungwe lina lofufuza kuchuluka kwa kaboni amene nthaka imasunga masamba ndi mizu zikawola. Ankakumba, kulemba patumba malo ndi kuya kwake, n'kukapereka ku labotale. Matumba a tsiku lomalizalo anakhala kuseri kwa chitseko milungu itatu, mpaka mayi ake anati, "Achotse awa, mwanawe. Ndikamasesa ndimawalambalala ngati munthu."

Pulofesa atafika nawo ku labotale, kunkanunkha fumbi lotentha. Mayi wina wovala gauni loyera ankasefa dothi pafupi ndi uvuni woumitsira. Atamva kuti uyu ndi mwana wa malemu, anasiya sefa n'kumupepesa. Kenako anatembenuza matumbawo limodzilimodzi, nkhope ikugwa.

"Achimwene, awa sitingawalandire. Sanalembedwe. Ndidziwa bwanji la m'nkhalango, la m'munda, lapamwamba, lapansi? Dothi lopanda chilembo ndi fumbi chabe."

"Ndiye mutani nalo?"

"Lotere timakathira pamaluwa panjapo."

Pulofesa anayang'ana pazenera. Panali maluwa ofota m'matayala akale a galimoto. Ntchito yomaliza ya bambo ake, ya tsiku lathunthu padzuwa, ikathere mmenemo chifukwa iye anakana kunyamula cholembera.

Anakokera tumba limodzi pafupi, osadziwanso chimene akufuna. Chala chake chinagunda chingwe chomangira pakamwa pa tumbalo. Chinali ndi mfundo ziwiri, ndipo pakati pake panapanikizika tsamba louma.

"Taimani kaye, amayi."

"Ndili ndi ntchito, achimwene."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha. Analemba awa, koma osati ndi inki."

Anali ataziona ali mwana, masiku amene mvula inkafufuta zilembo. Mfundo imodzi, dothi lapamwamba. Ziwiri, lapansi. Tsamba la mtengo, nkhalango. Phesi, munda. Udzu, kodyetsera ng'ombe.

"Nanga bwanji osangoponya tsambalo m'kati?"

"Ankati tsamba likalowa m'tumba limanamiza makina anu. Kaboni amachuluka, inu n'kumasangalala ndi bodza."

Mayiyo anamwetulira pang'ono. "Amenewo ndi iwowo. Ankandikalipira ngati ndine wophunzira wawo."

Anatsegula buku lake. Malo amene anawatuma tsikulo analidi atatu. Anamasula tumba la tsamba ndi mfundo imodzi, n'kutapa pang'ono. Linali lakuda bii, lofewa, lonunkhira chinyezi. La phesi linali lotuwa, lokhakhala m'zala.

"Munda uwu watha mphamvu," anatero. "Izi n'zimene tikufuna kuonetsa. Ndinu munkaphunzira zasayansi, eti? Ankakutchulani tsiku lililonse. Ankati mudzabwera kudzandilanda mpando."

 Pulofesa anasanja matumbawo awiriawiri patebulo, akuwongola zingwe zake mosamala.

Mayiyo anayamba kulemba mapepala omata. Atafika pamzere womaliza anaima.

"Patsala tsiku lokumba. Popanda limeneli sindingawalowetsebe. Kapena mukafunse mayi kunyumba, mubwere mawa?"

"Ayi, lembani."

"Mukulikumbukira bwinobwino?"

"Lachinayi, pa 14 Malichi."