Udzu Padenga la Malata

Dzuwa la Okutobala ku Mkanda lilibe chisoni, ndipo chaka chimenecho linachita kumusankha Lameki, tenanti wa pa esiteti ya fodya amene anachokera ku Phalombe kalekale. Nyumba imene mwini esiteti anamupatsa inali ya malata, yaifupi, yopanda siling'i. Anzake ankamusirira. Kusirira uvuni, abale inu!

M'nyumbamo munkagona mkazi wake Esitele, amene sitiroko inamupha mbali yakumanja. Kuyenda ayi, kudzitembenuza ayi. Masana thukuta linkanyowetsa mphasa, zilonda zakumsana n'kumanyeka. Lameki ankaopa chinthu chimodzi basi, kuti tsiku lina adzabwera kumunda n'kupeza kutenthako kwamutengera mkazi.

Mwana wawo Yankho, wogulitsa kaunjika ku Chipata, anawatumizira kasola, kabatire ndi kafani. Koma kabatireko kanali kaulesi. Dzuwa likangopendeka, nthawi imene malata alusa zenizeni, kafani kankayamba kuwodzera. Lameki anazimitsa wailesi, anachotsa mababu, chakudya chamadzulo n'kumadyera mumdima. Kenako anasiya kutchaja ngakhale mafoni awo, amene Esitele ankamuimbira nawo ndi dzanja lamanzere akafuna thandizo.

"Nanga ndikakufunani, abambo ake a Yankho?" anafunsa Esitele, mawu akutuluka mokhota.

"Ndili pompa, kunazale. Bola mphepo izikuwombani, amayi."

Sizinakwanebe. Ndiye anakumbukira nyumba yaudzu imene anakuliramo, momwe inkazizirira ngakhale kunja kukuwotcha. Anatenga udzu umene anamweta wophimbira mabedi a nazale, nauyala pamwamba pa malata, wochindikala bwino, n'kupsinja ndi njerwa. Zinatheka ndithu. Tsiku limenelo Esitele anagona tulo masana, podzuka n'kumwetulira ndi mbali imodzi ya kamwa.

"Lero ndagona ngati ndili kwathu," anatero.

Lameki anatuluka panja kuti mkaziyo asaone misozi. Anasangalala, munthu wa Mulungu, kusangalala kumene anali atakuiwala.

M'mawa mwake inali ntchito yotentha mapesi pamabedi otsala, kuti moto uphe mbewu za udzu ndi tizilombo ta m'nthaka asanafese fodya. Aliyense amadziwa kuti ntchito imeneyi ndi ya m'mamawa, mphepo isanadzuke. Koma m'mawa wa Lameki unkathera pa kusambitsa mkazi, kumutsuka zilonda ndi kumumwetsa phala, ndipo kapitawo anali atanena kale kuti nazale yake yatsalira. Lameki anayatsa kafani, namanga chitseko ndi waya kuti nkhuku zisalowe kukajompha zilondazo. Mapesi anawayatsa masana.

Kavuluvulu anabwera kuchokera kudambo, nanyamula makoko oyaka, n'kulunjika kunyumba. Lameki anamuona ndi maso ake awiri. Anangotukwana, napitiriza kukankhira mapesi pamoto. Zaka zonse zija za m'nyumba ya malata zinamuphunzitsa kuti denga lake silipsa, ndipo udzu wadzulo unali usanalowe m'mutu mwake.

Atadzaweramuka kuti apukute thukuta, anaona utsi wakuda uli tolo kuseri kwa mitengo ya bulugamu. Miyendo inayamba kuthamanga mutu usanamvetse. Anapeza udzu watha kale, mapaso a denga akuyaka, malata atapindika mbali imodzi. Waya wapachitseko uja anali atamumanga yekha mwaluso, ndipo wayayo anamudula zala asanamasuke.

Moto sunamufike Esitele. Anali gone pamphasa pake, chitenje chili bwinobwino, koma utsi unali utadzaza nyumba mpaka pansi. Lameki anamukokera panja, namuthira madzi, namuitana ndi dzina lake lenileni, limene anali asanalitchule chibadwire Yankho. Koma Esitele anali atasiya kale kupuma. M'dzanja lake lamanzere munali foni yozima ija, chala chachikulu chili pabatani.

M'nyumbamo kafani kanali kakuzungulirabe mwamphamvu, poti batire linali lodzaza.