Mahedifoni a Matayala Anayi

Achimwene anga anthu amawatchula kuti a Buleki. Anaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto zaka makumi atatu, ndipo mawu amene ophunzira awo amakumbukira mpaka lero ndi amenewo basi: buleki, buleki. Atapuma pantchito khalidwe lija anapita nalo kunyumba. Munthu ukangoti uyambe kusangalala, iwo aponda.

Mwana wawo womaliza, amene tonse timangomuti Mzime, anasiya sukulu ya unamwino m'chaka chachiwiri n'kuyamba zoimba. Tsiku limene anawauza, achimwene anaimirira pakati pa balaza, dzanja lili m'mwamba ngati akuimitsa lole, n'kulamula kuti mawu a mwana ameneyu asadzamvekenso m'nyumba mwawo, kaya pa wailesi, kaya pa foni, kaya pakhomo. Mzime ananyamula chikwama chake n'kumapita. Panatha zaka ziwiri. Alamu anga, mayi ake a mwanayo, anawonda ine ndikuona, masiketi awo onse ndinachita kuwabweza m'chiuno. Koma achimwene akanena chinthu sabweza, ngakhale chikuwawotcha eni akewo.

Ine ndine telala, ndipo m'banja mwathu ndine ndekha amene sindiwaopa. Tsiku lina m'mawa anatulukira kushopu kwanga, anakhala pa mpando wa makasitomala, n'kuyamba kufunsa mitengo ya ulusi. Munthu woti sadziwa n'komwe kuti batani limasokedwa bwanji.

"Achimwene, nenani chimene mwabwerera," ndinatero. "Ndili ndi mayunifomu makumi awiri akundidikira."

Anatulutsa foni n'kuiika pa mashini anga. "Akuti mwana uja watulutsa nyimbo."

"Mwana uti?"

"Usandivute iwe. Undiikire m'menemu. Ndikufuna ndimve kukula kwa manyazi amene watichititsa."

Ndinawaikira nyimbo zonse zisanu ndi ziwiri. Koma akamvera kuti? Galimoto anagulitsa kalekale, ndipo m'nyumba munali lamulo lawo lomwe lija. Anakanda m'mutu, kenako anati pakufunika mahedifoni, ndipo ndiwaperekeze kokagula. Alamu asadziwe kanthu.

Sitolo yake inali yopanikizika, pakati pa ogulitsa mankhwala ndi okonza mafoni. Khoma lonse linali mahedifoni okhaokha atapachikidwa pa misomali, ndipo pakona panali mpando umodzi woti wogula akhalepo poyesa. Wogulitsa anali mayi wa magalasi, wolankhula mofatsa ngati akuopa kudzutsa mwana. Anafunsa kuti takonzekera zingati. Achimwene anati ayambire pansi.

Muyenera kudziwa kuti achimwene mtengo wa chinthu saumva mpaka atausandutsa za galimoto. Mayi uja atatchula mtengo wa oyamba, iwo anatsinzina pang'ono n'kunena kuti, "Lita imodzi ya oilo." Anali apulasitiki, opepuka, othina m'makutu. Anawavala, ine ndinawasindikizira nyimbo yoyamba. Sipanathe mphindi, anawavula.

"Ng'oma zokhazokha. Woimbayo akumveka ngati amutsekera m'buti."

"Amenewo ndi a m'basi, bambo," anatero mayi uja. "Achinyamata amawakondera kugunda komweko."

Achiwiri anali tayala limodzi. Anali olemererako, okhala ndi timapilo tofewa totseka khutu lonse. Awa anakhala nawo nyimbo yathunthu, nkhope ili gwa. Ine pambali sindinkamva kalikonse. Atavula anavomera kuti mawu akumveka, gitala ali mbali yake, woimba ali mbali yake, palibe wolowa mumsewu wa mnzake. Mayi uja anati anthu ambiri amathera pomwepa, ndipo kwa munthu wokhala ndi anzake m'nyumba, oyenera ndi amenewa. Ndinayamba kale kutola chikwama changa.

Ndiye maso a achimwene anakwera m'mwamba, pa kabati ya galasi yokhoma ndi kiyi. "Nanga awo?"

"Awo ndi a anthu omvera nyimbo atakhala pansi, maso atatseka. Amafunanso kabokosi kowonjezera mphamvu, foni payokha siingawakoke." Anatchula mtengo.

Achimwene anatsinzina nthawi yaitali. "Matayala anayi," anatero. "Ndi batire. Ndingoyesa chabe."

Anali aakulu ngati zivundikiro za mapoto, kunja kwake kuli waya wa timabowo ngati sefa. Mayi uja analumikiza kabokosi, n'kuwaveka achimwene mwaulemu ngati akuwaveka chipewa cha ukwati. Ndinasindikiza. Ndipo apa ndinadabwa: ine ndili chiimire mapazi atatu kuchokera pa mpando, mawu a Mzime ndinkawamva bwinobwino, liwu ndi liwu.

Achimwene anatseka maso. Chala chinayamba kugunda pa bondo, anachigwira ndi dzanja linalo. Kenako analankhula mokweza, monga amachitira munthu amene makutu ake adzaza.

"Ali ndi chimfine."

Ine ndi mayi uja tinayang'anana.

"Akupumira kukamwa, ndikumumva. Sakuvala juzi mwanayu."

"Mukumudziwa woimbayu, bambo?" anafunsa mayi uja achimwene atawavula.

"Ndingamudziwire kuti ine?" Anatulutsa mpango n'kupukuta m'maso. "M'sitolo mwanu muno muli fumbi. Kulungani omwewa."

Mayi uja anali munthu wachilungamo, ndimuchitire umboni. "Koma bambo, ndikuuzeni kaye. Awa ndi otsegula kumbuyo. Mawu ake amamveka bwino chonchi chifukwa mpweya umadutsa, ndiye aliyense amene ali..."

Dzanja lija linakwera. "Mayi, ndakhala ndikumvera injini zaka makumi atatu. Khutu langa silifuna kalasi."

Mayi uja anandiyang'ana kuti ndimuthandize. Mulungu andikhululukire, ndinapukusa mutu pang'ono, n'kuyamba kusirira denga. Anakulunga katundu.

Kunyumba achimwene anauza alamu kuti agula zomvera nkhani za dziko lonse, chifukwa m'nyumbamo mumasokosa mapoto. Linali Lolemba. Masana omwewo foni yanga inalira. Anali alamu, akunong'ona kuchokera kubafa, sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka.

"Alamu, mwana wanga akuimba pabalaza."

"Ndikudziwa. Musanene kanthu."

"Koma bambowa akuyesa kuti akumva okha?"

"Eya. Asiyeni choncho."

Kuyambira tsiku limenelo alamu anasamutsa thebulo lositira kuchoka kuchipinda chakumbuyo n'kuliika pabalaza. Achimwene akangomaliza kudya masana n'kukhala pa mpando wawo, nawonso alamu ayatsa simbi. Anasita malaya, anasita mabulangete, anasita masokosi ndi nsanza zopukutira mbale. Zitatha za m'nyumba anakapempha za aneba.

Lachinayi ndinapita kukadzionera ndekha, ndi tepi yanga m'khosi, ati kukayeza makatani. Abale, ndinatsala pang'ono kumeza mapini. Achimwene ali tsonga pa mpando, zivundikiro zija zili m'makutu, nkhope ya munthu amene akumva za nkhondo. Pabalaza ponse Mzime akuimba za mnyamata amene anamulonjeza kuti abwera mvula ikakata. Pakapita kanthawi achimwene amapukusa mutu n'kulengeza kuti, "Mafuta akweranso."

"Zoopsa," amayankha alamu, maso ali pa malaya, milomo ikutsatira nyimbo.

Ndinayeza zenera limodzi kanayi. Ndinaseka mpaka m'mimba kuwawa, koma kunena zoona zinandimvetsanso chisoni. Anthu awiri okalamba, m'chipinda chimodzi, akumvera mwana mmodzi, aliyense akubisira mnzake.

Kukhitchini alamu anandiuza dandaulo lawo. Nyimbo zisanu ndi imodzi anaziloweza kale, koma yachinayi ankangodziwa mzere woyamba wokha, woti "Munandikhazika pamiyendo panu, manja anga pa chiwongolero." Ikangofika pamenepo, achimwene amadumpha msangamsanga kupita pa yachisanu. Tsiku lililonse.

"Bwerani kushopu mawa, ndikakuikireni yonse," ndinatero.

"Ayi alamu. Ndikufuna ndiimvere m'nyumba mwanga."

Ndinkabwera masana aliwonse tsopano, mayunifomu aja eni ake akundisaka. Tsiku lachisanu ndi chinayi kunatentha kwambiri. Alamu anali kusita malaya oyera a achimwene, amene anali atawasita kale dzulo lake. Nyimbo yachitatu inatha. Gitala wa yachinayi anayamba, Mzime anaimba mzere wake uja, chala cha achimwene chinanyamuka kulunjika pa foni.

"Musadumphe imeneyo, bambo."

Sanakweze mawu alamu. Koma mahedifoni otsegula kumbuyo amatulutsa za m'kati, amalowetsanso za kunja. Chala chija chinaima m'malere.

Achimwene anatembenuka pang'onopang'ono. Anavula mahedifoni n'kuwagwira patali, mkono utatambasuka. Nyimbo inali kumveka. Anawaika pa thebulo, anabwerera m'mbuyo mpaka pa chitseko cha kukhitchini, n'kupendeka mutu. Inali kumvekabe.

"Kuyambira liti?" anafunsa.

"Kuyambira Lolemba lija," anatero alamu.

"Nanga za mafuta zija?"

"Tinkangovomera."

Anandiyang'ana ine. "Iwe unadziwa."

"Mayi wa m'sitolo anafuna kukuuzani, achimwene. Munati khutu lanu silifuna kalasi."

Ndanena kuti sindiwaopa, koma nthawi imeneyo ndinawaopa. Ndinaona khosi lawo likufufuma, ndipo ndinadziwa kuti akangotambasula dzanja n'kuzimitsa foni ija, zatha, mwana uja sadzapondanso pakhomopo mpaka maliro a mmodzi wa iwo. Alamu nawo anadziwa. Anaima chilili, simbi ili m'manja, osaphethira.

Mzime anapitiriza kuimba kuchokera pa thebulo, mawu ang'onoang'ono koma omveka. Ankaimba za bambo amene anamuphunzitsa kuyang'ana pagalasi asanakhote, ndipo iye mpaka lero akuyang'anabe pagalasi kuti mwina awaona akubwera m'mbuyo. Inali yaitali nyimbo imeneyo, kapena inangotalika kwa ife. Tinaimvera yonse, anthu atatu akuluakulu titazungulira mahedifoni.

Itatha achimwene anaimitsa foni yachisanu isanayambe. Anakhala pa mpando wawo, anakonza kolala, anatsokomola kawiri. Ankayang'ana khoma.

"Ng'oma zikumuphimba mawu pa ndime yomaliza," anatero. "Amene anamujambulirayo ndi mbuli."

Kenako anapitiriza.

"Ndipo pamene akuti ndinkamukhazika pamiyendo, galimoto inali itaima. Anthu angayese ndinkayendetsa ndi mwana pamsewu. Zimenezo ziyenera kukonzedwa."

"Ndimuuze pa foni?" anafunsa alamu.

"Pa foni muzisokoneza inu, simudziwa za nyimbo." Anatsokomolanso. "Muuzeni abwere Loweruka. Ndimuuza ndekha."

Alamu anaika simbi pansi n'kuthamangira kuchipinda kukatenga foni yawo. Simbiyo anaisiya pa malaya oyera aja. Ine ndinaona utsi ukuyamba, achimwene nawo anauona, koma kuchipinda kuja tinamva alamu akuti, "Mwanawe, ndi amayi ako," ndipo tonse awiri tinangokhala phee, kuti timve bwino.