Nthiti za Achemwali

Chaka chomaliza cha sukulu ya udokotala n'chopanda chisoni. M'mawa uli m'wodi kulondola aphunzitsi ngati mwanapiye, masana uli m'kalasi, kwinaku mayeso a laisensi akukudikirira, oti ukalephera zaka zonsezo zangolowa m'madzi. Mayesowo si olemba okha ayi. Amakupatsa wodwala kuti umuyeze, uku ukunena mokweza chilichonse chimene manja ako apeza, oyesa ali chilili kumbuyo kwako. Anzanga ankayeserera okhaokha kuhositelo. Ine ndinkakhala kwa achemwali anga ndi amuna awo, ndiye thupi loti ndiphunzirirepo linali la achemwali basi.

Lamlungu lina masana, mayeso atatsala pang'ono, ndinawachonderera. Anakana, anakananso, kenaka anagona pasofa monyinyirika.

"Uchite changu, iwe dokotala wosapsa. Alamu ako adzuka posachedwa."

Ndinakweza bulauzi yawo, pakamwa panga n'kuyamba pokha monga ndinapazoloweza.

"Mayiyu akupuma mopereweza. Kumanzere kuli mikwingwirima, ina yakale, ina yatsopano. Nthiti iyi yathyoka. Mimba yauma gwa. Apa padinda chidendene cha nsapato. Wodwalayu anachita kupondedwa ali pansi."

Mawu anga ndinawamva atatuluka kale. Achemwali anali atatsinzina. Alamu anali ataima pakhomo la kuchipinda, lamba ali m'manja.

"Tabwereza, dokotala," anatero. "Sindinamve bwino."

Sanadikire kuti ndibwereze. Anagwira chomvera m'chifuwa chimene chinali m'khosi mwanga n'kuchikoka, ine mutu patebulo phaa! Makapu anasweka. Ndisanadzuke, phazi lawo linali padzanja langa lamanja.

"Ndi timanja timeneti tikuona zambiri m'nyumba mwanga?"

Anaponda n'kupotokola. Zala zinalira ngati nkhuni zouma, ndipo ndinakuwa. Achemwali anawalumphira kumsana akuti, "Musiyeni mwana, ali ndi mayeso!" Alamu anawasasa ndi chigongono, mbali yomwe ija yakumanzere. Achemwali sanalire n'komwe. Anangokhala pansi pang'onopang'ono, milomo itayera.

Mantha anandithera pomwepo, unatsala mkwiyo wokhawokha. Ndinatola chibuku cha opaleshoni ndi dzanja lamanzere n'kuwamenya nacho alamu kumaso. Mphuno inaphulika magazi. Ndinawamenyanso, ndipo sindikubisa, ndinamva kukoma. Aneba atathyola chitseko anapeza alamu akukwawa pamagalasi.

Aneba omwewo anatithamangitsira kuchipatala chomwe ndimaphunzirako. Tsoka ilo, amene anali pantchito anali aphunzitsi anga, dokotala amene tinkawatcha Achimphepo chifukwa cha ukali. Anayang'ana dzanja langa lotupa, anandiyang'ana kumaso.

"Iwe, dzanja loyezera odwala walitani?"

"Chitseko, adokotala," achemwali anayankha msanga ali pabenchi. "Chinamupana chitseko. Ine ndangomuperekeza."

Anandigwira siketi mwamphamvu, maso akundipempha. Ndinawamvera chisoni. Koma zikhatho zawo zinali zitatuwa, thukuta lili kamukamu, ndipo ndinkadziwa kuti akutaya magazi m'kati.

"Musayambe ndi ine," ndinatero. "Yambani ndi awa. Kumanzere, pansi pa nthiti. Ndikuganiza kuti kapamba waphulika. Amawamenya amuna awo."

Achimphepo anangogwira mimbayo kamodzi n'kukuwira anamwino. Anabwera ndi machira, wina n'kuimbira apolisi. Za dzanja langa Achimphepo anangoti chaka chino mayeso ndiiwale. Ndinagwedeza mutu, misozi ili chuchuchu.

Akuwakankhira kuchipinda cha opaleshoni, ndinathamanga pambali pa machirawo. Achemwali anatsegula maso, ine n'kuwerama kuti ndimve.

"Ukadzandiona ndachira," ananong'ona, "kwanga usadzapondeko."